Odi wa kutali kwa amalume Bonifasiyo

Loweruka lapitali tinakamanga chiliza pamanda a amalume anga a Bonifasiyo, poti chaka chakwana chimwalirireni. Pobwerera, titafika pamtengo wa mango umene uli pamphambano ya kanjira kolowera kwawo, tonse tinaima. Tinalipo gulu ndithu, ena atasenza ndowa, ena makasu, ndipo panalibe amene anauza mnzake kuti aime. Kenaka mayi wina wachikulire anakuwa kuti, "Odi kumeneko!" Atazindikira zimene wachita anadzigwira pakamwa. Ena anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa odi wanga nayenso anali atafika kale pakhosi.

Amalume akanakhalapo akanatiloza ndi chala n'kunena kuti amene waimitsa miyendo yathuyo si ife. Imeneyi ndiyo inali nkhani yawo moyo wawo wonse, ndipo ankaikamba mpaka makutu kuwawa.

Pakhomo pawo lamulo linali limodzi lokha: osawadzera kumbuyo. Ukamabwera, odi unkayambira pamango paja, n'kudikira mpaka ayankhe. Ukawapeza panjira ali patsogolo pako, unkayenera kukhosomola kapena kuimba nyimbo, n'kuwalambalala patali mpaka akuone kumaso. Ana a m'bayiro mwathu, dera limene timakhala kuno ku Milange, ankawatchula kuti a Odikutali. Kutchalitchi ankakhala benchi yomalizira, msana atautsamiritsa kukhoma. Akakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, ankafuna mpando wakumbuyo kwenikweni, ndipo akaupeza wodzaza ankatsika n'kuyenda pansi ngakhale ulendo ukhale wa ku Mongue. Pakhonde pawo ankakhala pamalo amodzimodzi, pakati pa chitseko ndi zenera, ndipo kumeta ankadzimeta okha ndi lumo, akuyang'ana pa kagalasi kothyoka. N'chifukwa chake kunkhongo kwawo kunkangokhala zigamba zatsitsi ngati munda wolimidwa ndi munthu woledzera. Ndinawauzapo zimenezi, ndipo anandiyankha kuti munthu wa pakamwa ngati panga sayenera kudandaula za kunkhongo kwa ena.

Musaganize kuti ndikukamba za munthu woyera mtima. Fodya wawo sankagawira munthu. Pa bawo ankaba nkhomo maso ali gwa, ukawagwira n'kukutukwana m'Chilomwe kuti ana asamve. Ine ankanditchula kuti Wailesi, ati poti sindizima. Tinkakangana pafupifupi sabata iliyonse, koma ndikaphika kalongonda mbale yoyamba inkapita kwa iwo, ndipo ankaibweza ali ndi dandaulo la mchere.

Atabwerako kumsasa wa othawa nkhondo ku Mulanje, mtendere utabwera, anayamba ntchito yosenza katundu pamalire. Ankawolotsa matumba a nyemba ndi nandolo kupita nawo ku Muloza. Osenza katundu amatulana: ukafika, mnzako amabwera kumbuyo n'kugwira thumba kuti khosi lisathyoke. Amalume ankagwada okha n'kuligwetsera pansi. Bambo wina watsopano pantchitopo, wachifundo chake, anawagwirira thumba tsiku lina. Chigongono chinamupeza pakamwa, ndipo mano awiri anawatola m'fumbi. Ngakhale akazi awo, malemu a Marieta, anali ndi dzino losowa kutsogolo. Anafuna kuwachotsa chimbalanga chimene chinkayenda pakolala, ali okwatirana kumene. Nkhaniyi a Marieta ankaikamba akuseka, koma akamaseka ankaphimba pakamwa ndi nsonga ya mpango.

Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo nkhuku sankapha. Ikafunika kuzingidwa ankaitana munthu wina, iwo n'kupita kukayang'ana mbuzi.

Ankati mwa munthu muli anthu atatu. Wapamwamba ndi amene amalonjera alendo, kunenerera mitengo pamsika ndi kupemphera Lamulungu. Wapakati ndi amene amagwira ntchito wapamwamba akuganiza zina. Wapansi salankhula, sagona, ndipo samva chinenero chilichonse. Tsiku lina ndikukanda mandasi pakhomo pawo, ndinawauza kuti zimenezo ndi nzeru za ku kachasu.

"Iwe Wailesi," anatero, "wathira masupuni angati a shuga m'beseni umo?"

"Okwanira."

"Angati?"

Sindinadziwe. Ndinali ndikuwafotokozera za ndewu ya azimayi awiri a pachitsime.

"Epa! Ndiye wathira ndani? Pakamwa panali kuchitsime, manja ali m'beseni. Lawa uone ngati walakwitsa."

Ndinalawa, ndipo zinali bwinobwino. Anati ameneyo ndiye wapakati, wantchito wabwino wosafuna malipiro, amene amakufikitsa kunyumba kuchokera kumsika iwe osakumbukira kuti mlatho wauwoloka nthawi yanji. Ndinawafunsa kuti nanga wapansi wanga ali kuti. Anandiyang'ana n'kunena kuti ndithokoze Mulungu kuti wanga sanadzutsidwepo. Wawo anadzutsidwa ali mnyamata, ndipo chidzukireni sanamvebe kuti nkhondo inatha. Anati anayesa kumuuza m'Chinyanja, m'Chilomwe ndi m'Chipwitikizi momwe, koma mwini wakeyo alibe makutu.

Pankhani imeneyi anakangana ndi anthu ambiri. Akatekisita ankati ndi chiwanda, ndipo anabwera kudzawaza madzi odalitsidwa. Amalume anagwada mwaulemu, anavomera mapemphero onse, koma pamapeto anafunsa ngati akatekisitawo angayerekeze kuwagwira paphewa kuchokera kumbuyo kuti aone ngati chatuluka. Akatekisita anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi odwala ena oti akawaone. Kwa sing'anga anapitako kalekale, monga ankachitira ambiri obwera kunkhondo. Anawasambitsa kumtsinje, zovala zakale n'kuzisiya zipite ndi madzi. Iwo ankati mankhwala aja anasambitsa wapamwamba yekha. Mapiritsi a kuchipatala anamwa sabata imodzi n'kuwataya m'chimbudzi, ati amagoneka mwini nyumba n'kusiya galu ali chimasulire.

Amene anawadziwa amalume atakalamba amawakumbukira ali pabenchi ya ukalipentala kuseri kwa nyumba, atagwira thabwa ndi manja awiri, mkamwini wawo Layisoni akucheka kapena kupala. Alendo ankadabwa kuona mpongozi akugwirira ntchito mkamwini, chinthu chosamveka kwathu kuno. Akayang'anitsitsa ankaona kuti dzanja lamanzere la Layisoni lili ndi zala zitatu zopindika zosagwira kanthu, ndi chipsera chachikulu kuchokera pamfundo ya dzanja kukafika pafupi ndi chigongono. Ambiri ankachita manyazi kufunsa. Ine ndikudziwa chifukwa ndinalipo, ndipo mbali ina ya chipsera chimenecho ndi yanga.

Layisoni ndi wa kutsidya, cha ku Limbuli. Anakumana ndi Selestina, mwana yekhayo wa amalume, pamsika, ndipo nkhani inayenda mwachangu. Ukwati uli pafupi, Selestina anabwera kwa ine akulira. Anandipempha kuti za bambo ake tisazitchule kaye, chifukwa mnyamata wina anali atamuthawa kale atamva kuti ndi mwana wa munthu wamisala. Ine, amene amalume ankati sindizima, tsiku limenelo ndinazima. Ndinamuuza kuti asadandaule, mwamunayo akalowa m'mudzi adzaona yekha mmene anthu amachitira. Kwa ena onse nkhaniyi inali yodziwika ngati kuti moto umawotcha, choncho aliyense anaganiza kuti mnzake wamutsina kale khutu. Amalume nawo ankaganiza kuti tinamuuza. Layisoni anaona anthu akuodira patali n'kuganiza kuti ndi ulemu wa kuno.

Linali tsiku lachisanu chilowereni chikamwini, dzuwa litangopendeka. Ine ndi Selestina tinali pansi pa mango tikupeta nandolo. Amalume anatulukira kuchokera kumunda kwawo m'munsi mwa phiri la Tumbine, atasenza thumba la makaka, katana, chikwanje chawo chija, ili kudzanja lamanja. Kumbuyo kwawo, patali pang'ono, kunkabwera Layisoni. Anali mwana woleredwa bwino, ndipo mwana woleredwa bwino saona mpongozi wake atasenza katundu iye akuyenda chimanjamanja. Ndinamuona akuvula chipewa n'kuchipinda m'thumba. Ndinamuona akuyamba kuthamanga, opanda nsapato, pamchenga wosamveka mapazi. Ndinatsegula pakamwa koma mawu sanatuluke. Mpaka lero sindidziwa kuti anagwira lilime langa ndani.

Anafika n'kukweza thumba lija ndi manja awiri, nkhope ili mwee. Thumba litangopepuka pamutu, amalume anatembenuka. Layisoni anangokwanitsa kutchinga nkhope ndi mkono. Kulira kwake kunali ngati munthu akudula thunthu la nthochi. Anagwa chagada, thumba n'kumugwera pachifuwa, ndipo katana yachiwiri inatera pathumbapo n'kuling'amba pakati. Makaka oyera aja anamwazika m'njira n'kuyamba kufiira. Selestina ankakuwa kuti, "Ababa! Ababa!" koma zinali ngati akuitana mtengo. Maso awo anali otsegula, koma munalibe munthu amene ndinkamudziwa. Mano anali pamtunda, ndipo pakhosi pankatuluka kaphokoso kamene sindinakamvepo kwa munthu.

Atakweza katana kachitatu, ndinawaponyera lichero lonse la nandolo kumaso. Anaphethira. Dzanja linatsika pang'onopang'ono. Anayang'ana pansi, nandolo ali mbwee, n'kufunsa ndi mawu awo a masiku onse, aukali pang'ono:

"Wataya nandolo ndani?"

Kenaka anaona. Sindidzaiwala mmene nkhope ija inagwera. Anataya katana, anang'amba malaya awo n'kumanga mkono pamwamba pa bala, akukoka mfundo ndi mano. Magazi ankatumphuka n'kuwathira kumaso. Njinga panalibe pafupi. Anayesa kugwada kuti amubereke, koma thupi lawo linakana. Ndiye anamunyamula m'manja, kutsogolo, ngati mwana wakhanda, mwamuna wamkulu ndithu, n'kuthamanga naye mpaka kumsewu. Moyo anaupulumutsa kuchipatala, koma mitsempha ya zala zitatu inali itaduka. Layisoni anali kalipentala, ndipo Selestina anali kale ndi pathupi.

Patatha masabata atatu tinakhala pabwalo kwa asekeretariyo a bayiro. Amalume ake a Layisoni anawoloka malire ndi anthu awo, nkhope zili zomanga. Sanazungulire.

"Munatibisira chilombo m'nyumba," anatero. "Mwana wathu timutenga lero lomwe, ndipo bambo awa apite kupulisiya."

Ankanena zoona. Anthu athu anayamba kuchonderera. Akatekisita anati sanali a Bonifasiyo, chinali chiwanda. Amayi anga, amene ndi mlongo wawo wa amalume, anati ndi nkhondo imene inawawononga, munthu sangaimbidwe mlandu pa zimene wachita asakudziwa. Amalume anga anali atakhala chotsamira khoma, mutu uli pansi. Atamva zimenezo anaimirira.

"Nada, iyayi," anatero. "Musandichotsere. Mbuzi yako ikadya mmera wa mnzako, sunena kuti ndinali mtulo. Mbuzi ndi yako. Amene anatema akamwiniwa amadya m'mbale mwanga, amavala malaya anga. Ndi ine."

Atatero anafotokoza zimene anali asanauzepo munthu, ngakhale a Marieta. Anawagwira ku Molumbo ali kumunda, iwo ndi mng'ono wawo Rafayelo, n'kuwatengera ku gandira, kumene kunali kusenzera katundu anthu a mfuti. Ankayenda mumzere, ndipo kucheuka kunali koletsedwa. Munthu akayamba kutsimphina ankamufunsa ngati akufuna kupuma. Amene ali pambuyo pake ankalamulidwa kumutula katundu, kuti katunduyo asaonongeke, ndipo akangomutula, wina ankabwera ndi nkhwangwa. Zipolopolo sankataya pa anthu otopa.

"Tsiku lachinayi mapazi a Rafayelo anatupa," anatero amalume. "Pambuyo pake panali ine. Anandiloza ndi mfuti kuti mutule. Ndinamutula. Linali thumba la mchere. Iye sanacheuke, anangoti, 'Zikomo achimwene.' Ankayesa ndikumuthandiza. Nkhwangwa inatera apa." Anagwira kunkhongo kwawo. "Zinandithira m'maso ndi m'kamwa. Anandisenzetsa thumba lake pamwamba pa langa, ndipo ndinamulumpha n'kupitiriza ulendo. Kuyambira tsiku limenelo, katundu akapepuka pamutu panga, thupi limadziwa chimene chikubwera. Ine ndimamva pambuyo."

Amayi anga anali atauzidwa kuti Rafayelo anafa ndi kutsegula m'mimba m'tchire. Zaka zonsezo ankadziwa zimenezo. Anadzuka pamphasa n'kuwalumphira achimwene awo, kuwamenya zibakera kumaso ndi pachifuwa, kuwakanda mpaka magazi, akukuwa dzina la Rafayelo. Amalume anaika manja kumbuyo n'kuima chilili. Panalibe amene analeretsa mpaka amayi anatopa okha n'kugwera pamapazi awo. Apa m'pamene ndinaona kuti munthu womenya kuchokera kutsogolo akanatha kuwapha iwo osakweza chala.

Atapukuta magazi pamlomo anauza alendo aja kuti ali okonzeka, apite nawo kupulisiya. Amene analankhula anali Layisoni, mkono uli m'nsalu yomangirira kukhosi, atawonda ngati wadwala chaka.

"Ndende indibwezera zala?" anafunsa. "Ine ndimadya za matabwa. Thabwa limafuna dzanja logwira ndi dzanja locheka. Logwira mwalitenga, apongozi."

"Langa lilipo," anayankha amalume.

Layisoni anawayang'ana, ndipo m'maso mwake munalibe chifundo ngakhale pang'ono.

"Bala likapola mubwere pabenchi. Koma muziima kutsogolo kwanga, pamene ndikukuonani."

Amalume ake anakalipa, anati walodzedwa, ndipo anabwerera kwawo osadya. Layisoni anatsala. Musati kunali kukhululuka. Chaka choyamba ankalankhula ndi apongozi ake mawu atatu okha: gwirani, tembenuzani, siyani. Ine ndinapita kukamuululira kuti amene ndinalangiza Selestina kubisa ndine. Anandimvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti, "Alamu, mukanangokhosomola." Sanandipatsenso moni mpaka mwana wawo atayamba kuyenda, ndipo ndinkaona kuti n'zondiyenera. Nayenso anali atasintha. Munthu akamadula nthochi kuseri, Layisoni ankagwetsa sowo n'kubisa mkono kukhwapa, thukuta lili kamukamu. Amalume akaona zimenezo ankayang'ana kumbali. Anandiuza tsiku lina kuti pa zonse zimene anachita, chimene chinkawadya kwambiri n'chakuti anadzutsa wapansi wa mwana wa eni ake.

Pamalire anasiyiratu, ndipo katana sanaigwirenso. Kumunda ankapita ndi khasu lokha. Zaka zinapita ali pabenchi paja, maso ndi maso, ndipo mawu atatu aja anaswana. Anayamba kukangana za misomali, za mpira, za ndani ali ndi dziko la misewu yoipa kuposa mnzake. Amalume ankati mipando ya akamwini imatsimphina ngati mwini wake wa Chimalawi. Layisoni ankati vuto ndi chopanira chake, n'chokalamba ndiponso chimalankhula kwambiri. Zitseko zambiri za m'bayiro muno zinatuluka m'manja atatu amenewo. Koma pa zaka zonsezo Layisoni sanadutsepo kumbuyo kwa apongozi ake, ndipo odi wake pamango ndiye unkamveka kwambiri kuposa wa wina aliyense.

Chaka chatha, nthawi yokolola nandolo, amalume anagwa pabenchi pomwepo thabwa lili m'manja. Kuchipatala anati mtsempha wa m'mutu waphulika, ndipo patatha masiku anatiuza kuti tipite nawo kunyumba. Mbali yamanzere inali itafa. Sankalankhula, sankazindikira munthu, ngakhale Selestina. Wapamwamba uja, wa bawo ndi matukwano, anali atapita. Wapakati naye anali atapita, moti supuni sankaidziwa. Anatsala mmodzi, ndipo dzanja lamanja linali lake.

Munthu wogona chagada sungamumwetse phala, amatsamwa. Pamafunika wina akhale kumbuyo kwake, amudzutse n'kumutsamiritsa pachifuwa. Selestina atayesa, chigongono chinamutupitsa diso. Ine nditayesa, anandigwira tsitsi n'kundimenyetsa mutu kukhoma, ndipo anandiluma pamkono mpaka mano kulowa. Nkhalamba yofa mbali imodzi, koma tinalimbana nayo anthu atatu. Tinayesa kuwakokera kutsogolo n'kuika mapilo, koma ankangogwera kumbali. Masiku awiri anadutsa osalowa kanthu m'mimba koma timadzi tofinyira pamilomo. Tsiku lachitatu ndinatenga chitenje n'kumangirira dzanja lija kumwendo wa bedi. Ndinachita ndine, ndipo ndinkalira pomanga. Anakoka usana wonse, akubuula, mpaka khungu linasupuka chitenje n'kunyowa magazi.

Layisoni anali asanalowe m'chipindamo, poti mkamwini salowa kumene kwagona mpongozi. Madzulo a tsiku limenelo anaima pakhomo n'kuona dzanja lomangidwa lija.

"Alamu, masulani."

"Akupwetekani," ndinatero. "Simukuona diso la mkazi wanu?"

"Munthu ameneyu anamangidwapo kale. Masulani."

Selestina anamugwira malaya. "Bambo a mwana, mwatsala ndi dzanja limodzi. Akakuthyolani limenelo tidya chiyani?"

Layisoni anatuluka, ndipo tinkayesa wakwiya. Kenaka tinamva mawu ake kuchokera kutali, pamango paja: "Odi! Odi apongozi! Ndine Layisoni!" Anabwera akuodira njira yonse, pabwalo, pakhonde, pakhomo la chipinda. Ine ndinali nditamasula chitenje. Anaima kutsogolo kwawo kaye kuti amuone, ngakhale maso aja sankaona kanthu. Kenaka anazungulira bedi, anakwera kumutu, n'kulowetsa mikono m'khwapa mwawo.

Atangowadzutsa, dzanja lija linauluka. Linamugwira mkono wamanzere, wolumala womwewo, n'kuufinya mpaka ndinaona zikhadabo zikulowa m'mnofu ndi magazi akutsika. Kaphokoso ka tsiku la makaka kaja kanayambanso pakhosi. Layisoni anakukuta mano, koma sanakoke mkono. Ankangoti, "Ndine, apongozi. Ndine." Amalume anayamba kuupotokola, ndipo ndinadziwa kuti fupa lithyoka. Ndinatola mpando kuti ndiwamenye nawo padzanja, amalume anga enieni.

Chala chawo chachikulu chinali chitatera pachipsera. Ndinachiona chikuima. Kenaka chinayamba kuyenda pang'onopang'ono, kutsata mzere uja kuchokera pamfundo ya dzanja mpaka kuchigongono, n'kubwereranso. Chinatsikira ku zala zitatu zopindika zija n'kuzigwira chimodzichimodzi. Kaphokoso kaja kanaleka. Mapewa anagwa, ndipo mutu wawo, umene unali usanatsamirepo munthu chichokereni ku Molumbo, unabwerera m'mbuyo n'kukhazikika pachifuwa cha Layisoni.

"Bweretsani phala," anatero Layisoni.

Anamwa masupuni asanu ndi imodzi. Anakhala masiku ena khumi ndi awiri, ndipo tsiku lililonse Layisoni ankayambira odi pamango, n'kudzakhala kumbuyo kwawo. Wina aliyense akayesa, dzanja linkauluka ngati kale. Akatekisita akuti chinali chisomo. Anamwino amene ndinawafotokozera anati mwina mphamvu zinangowathera. Ine ndinali pomwepo ndi mpando m'manja, ndipo ndikuti amalume analakwitsa chinthu chimodzi. Wapansi uja makutu analibedi, koma ntchito ya manja ake anaizindikira. Anamwalira dzuwa lili pamutu, atatsamira pomwepo.

Bokosi anakhoma Layisoni yemwe. Amene ndinamugwirira matabwa ndine, ndipo anandikalipira kawiri kuti ndikugwedeza.

Tsopano pabenchi paja pali chitsulo chopanira matabwa chimene anagula kutsidya. Akuti chimagwira bwino kuposa apongozi ake, koma ndaona kuti akamacheka amayang'anabe kutsogolo, pamene palibe munthu. Pakhonde, pakati pa chitseko ndi zenera, khoma lili ndi banga lakuda losalala, pamene msana wawo unkakhudza zaka zonsezo. Pokonzekera chiliza Selestina anazira nyumba yonse ndi dothi latsopano, koma pamenepo anapalambalala. Ana ayamba kuthamangathamanga pabwalo mmene akufunira, ndipo palibe amene amawaletsa.

Loweruka lija, anthu atamwazikana, ndinatsala pakhonde ndikutsuka mbale. Layisoni anali atatsalira kumanda kusonkhanitsa zipangizo, ndipo anabwera yekha pambuyo. Atafika pamango anaima. Iye sanadzigwire pakamwa ngati mayi uja. Anaodira mokweza, mmene ankachitira kale, n'kuima chilili akuyang'ana banga lija pakhoma. Ndinadikira kuti ayambe kuyenda, koma sanasunthe. Ndinazindikira kuti sasuntha mpaka wina ayankhe, ndiye ndinapukuta manja n'kuyankha ndine.

"Lowani, akamwini. Akuonani."